Lipoti la msonkhano wa oimba piyano awiriawiri

A Wapampando, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse abale ndi alongo a m'gulu lathu la aphunzitsi a nyimbo ndi oimba kiyibodi, landirani moni.

Ndabwerako ku South Africa kumene munandituma, ndipo ndayenda bwino. Zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama zomwe munasonkha. Malisiti ndi chenje chomwe chinatsala ndapereka kale kwa amayi msungichuma. Msonkhanowu unachitikira pa sukulu ina yophunzitsa nyimbo, ndipo nkhani yake inali imodzi yokha: kuimba piyano anthu awiri pamodzi. M'mawa tinkamva maphunziro, masana ophunzira ankaimba n'kumakonzedwa ndi aphunzitsi tonse tikuonerera, ndipo madzulo kunkakhala makonsati. Sindilondoloza zonse monga zinayendera pa pulogalamu. Ndilemba zomwe zikutikhudza, ndipo chomwe ndabwera nacho ndichinene pano pomwe: luso limeneli limamera pa anthu awiri omwe akhalitsana. Chizolowezi chathu chomasinthasintha oimba pa kiyibodi sabata ndi sabata chili ndi cholinga chabwino, choti aliyense apezeko mpata, koma chikutimana chinthu chamtengo wapatali.

Kwa amene simunaonepo, kaimbidwe kameneka kali pawiri. Pali kuimba anthu awiri pa piyano imodzi, komwe amati kwa manja anayi. Wokhala kumanja amatchedwa primo, ndipo amatenga mawu apamwamba. Wa kumanzere ndi secondo, amene amagwira besi ndi mawu apakati, komanso kawirikawiri ndiye amaponda pedulo, chopondera chomwe chimatalikitsa mawu. M'mabuku ambiri a manotsi tsamba lakumanzere ndi la secondo, lakumanja la primo, moti gawo la mnzako suliwerenga, umangolimva. Kwinako ndi kwa piyano ziwiri zikuluzikulu zoikidwa molowetsana, oimba atayang'anizana. Apa aliyense ali ndi makiyi ake 88 ndi pedulo yake, koma manja a mnzake sawaona. Amangoona nkhope, mapewa ndi kapumidwe.

Chovuta chake n'chakuti piyano sibisa kanthu. Mu kwaya, a alto akachedwa pang'ono kulowa, mawu amakwirirana ndipo mpingo sudziwa. Pa piyano ukangodina kiyi, kanyundo ka m'kati kamamenya waya ndipo mawu amatuluka nthawi yomweyo. Anthu awiri akasiyana ndi kuphethira kwa diso kokha, ngakhale wokhala pakhomo la holo amamva kuti kwalira kawiri. Metronome, kachipangizo kowerengera liwiro la nyimbo, imathandiza poyeserera, koma nyimbo zamtunduwu zimafuna kukoka pena, kufulumira pena, ndipo zimenezo palibe makina angakuwerengereni. Muyenera kudziwana.

Ndinaziona bwino pa phunziro lina la masana. Atsikana awiri a msinkhu wa ku koleji anaimba Fantasia ya mu F minor ya Franz Schubert. Nyimboyi amaiyamba ndi secondo yekha, kuyala mawu ofatsa, kenako primo amalowa ndi kanyimbo kachisoni komwe kamabwerera mobwerezabwereza mpaka kumapeto. Onse awiri anali ndi zala zabwino, palibe anaphonya notsi. Koma mphunzitsi wawo, mayi wina wachikulire, anawaimitsa asanapite patali. Anafunsa wa secondo kuti akamasintha pedulo amamvera ndani, ndipo mtsikanayo anati amamvera besi yake. Mayiwo anamuuza kuti phazi lakelo silake yekha, likutumikiranso mnzake, ndipo kanyimbo ka primo kakumatirirana chifukwa phazi likutsata dzanja limodzi lokha mwa manja anayi. Kenako anawasinthanitsa malo. Wa primo uja atakhala kumanzere, anaona yekha kuti pamalo pomwe iye amakonda kukoka kanyimbo kake, mnzake amatsala ali lendee, osadziwa poika notsi yotsatira. Anayang'anana n'kuseka. Atabwerera m'malo awo anayambiranso, ndipo ulendo uno panalibe kugwedezerana mutu. Ndinali pafupi, ndinaona phewa la wa secondo likukwera pamodzi ndi mpweya wa mnzake, mawu n'kutsikira limodzi.

Phunziro litatha ndinapempha kuona buku lawo la manotsi. Linali bii ndi pensulo. Pakati pa piyano, pomwe dzanja lamanzere la primo limakumana ndi lamanja la secondo, anajambulamo timivi, kena koloza m'mwamba kena pansi, kusonyeza amene akweze dzanja ndi amene aligonetse kuti mnzake adutse pamwamba. Pena notsi yolembedwera primo anaizunguliza n'kuipereka kwa secondo chifukwa chala chake ndicho chili pafupi. Pa ngodya ya tsamba lililonse panalembedwa dzina la amene atembenuze. M'bukumo munali mapangano a miyezi yambiri, ndipo mutachotsapo mmodzi n'kuikapo wina, ngakhale waluso kuposa onsewo, zonsezo zimafunika kuyambiranso.

Fantasia imeneyi Schubert anailemba mu 1828, chaka chomwe anamwalira ali ndi zaka 31 zokha. Anaipereka kwa Caroline Esterházy, yemwe anali wophunzira wake, ndipo anaiimba koyamba mu Meyi chaka chomwecho pamodzi ndi bwenzi lake Franz Lachner, pamaso pa anzawo, osati mu holo yaikulu. Inadzasindikizidwa iye atamwalira kale. Nyimbo zambiri za manja anayi zinabadwa motero, m'nyumba, pakati pa anthu odziwana.

Madzulo ena kunabuka mtsutso womwe unatenga nthawi kuposa momwe anakonzera, ndipo ndi umene ndikufuna kukhalitsapo. Funso linali lakuti: kodi anthu oimba awiriawiri ayenera kukhala abwenzi?

Mphunzitsi wina wamwamuna anakanitsitsa. Iye anati chofunika ndi khutu ndi mwambo pa ntchito, zaubwenzi n'zokometsera nkhani. Umboni wake unali wa Mozart. Sonata yake yotchuka ya piyano ziwiri ya mu D major anailemba mu 1781 ku Vienna kuti aimbe ndi wophunzira wake Josepha Auernhammer. M'makalata opita kwa bambo ake, Mozart anayamikira kaimbidwe ka mtsikanayu, koma ananenanso za maonekedwe ake mawu achipongwe omwe sindingawabwereze pano. Komabe nyimbo inatuluka yokoma, ndipo ikuimbidwa mpaka lero.

Ena anamuyankha ndi mndandanda wa abale ndi mabanja. Mozart yemweyo ali ndi zaka 9 ankaimba manja anayi ndi mlongo wake Nannerl ku London mu 1765. Katia ndi Marielle Labèque a ku France, obadwa mu 1950 ndi 1952, ndi pachibale ndipo aimba limodzi kwa zaka zoposa 50. Alfons ndi Aloys Kontarsky a ku Germany analinso pachibale. Béla Bartók analemba sonata ya piyano ziwiri ndi ng'oma, n'kuiimba koyamba ku Basel mu Januwale 1938 pamodzi ndi mkazi wake Ditta Pásztory. Francis Poulenc anaimba concerto yake ya piyano ziwiri (yoperekezedwa ndi orchestra, gulu lalikulu la zoimbira) ku Venice mu 1932 ndi Jacques Février, mnzake wa paubwana. Iwo amati zimenezi sizingakhale mwangozi.

Ine ndinamvetsera mbali zonse, ndipo maganizo anga ndi awa. Mphunzitsi wamwamuna uja akunena zoona kuti chikondi pachokha sichiimba piyano. Tonse tikudziwa abwenzi a ponda apa nane mpondepo omwe sangathe kuyambira limodzi ngakhale korasi. Koma akulakwitsa poganiza kuti ubwenzi ndi chinthu chomwe anthu amabwera nacho pa benchi chitapsa kale. Ubwenzi womwe ukufunika pano umapangika pa benchi pomwepo. Ndi uja woti mnzako akuuze kuti wathamanga, wam'kwirira, wam'ponda chala, iwe osatupa, mawa n'kubweranso. Woimba yekha amadzudzulidwa ndi mphunzitsi, munthu wamkulu kwa iye, ndipo zimenezo sizivuta kumeza. Kudzudzulidwa ndi wofanana naye, amene chigongono chake chikukhudza chako, n'kumene kumayesa mtima.

Johannes Brahms anali ndi abwenzi otere. Nyimbo yake ina ya mu F minor anayamba kuilembera zoimbira za zingwe zisanu, koma mnzake Joseph Joachim, katswiri wa vayolini, sanakhutire nayo. Anaisintha kukhala sonata ya piyano ziwiri, n'kuiimba mu 1864 ndi Carl Tausig. Apa Clara Schumann, yemwe anali bwenzi lake la moyo wonse, anamuuza kuti aikonzenso chifukwa maganizo ake anali aakulu kuposa zomwe piyano zokha zingasenze. Brahms sanali munthu wofewa, koma anamva, ndipo panatuluka quintet (nyimbo ya oimba asanu) ya piyano ndi zingwe yomwe lero imawerengedwa pakati pa ntchito zake zazikulu.

Palinso nkhani ya mpando wa kumanzere, yomwe ikutikhudza kwambiri, poti kwathu kuno aliyense amafuna kukhala amene akumveka. Mu Juni 1912 Igor Stravinsky anabwera ndi manotsi a The Rite of Spring, asanaimalize n'komwe, kunyumba kwa Louis Laloy, ndipo anaiimba manja anayi ndi Claude Debussy. Debussy anali wamkulu ndi zaka 20 komanso wotchuka kale, koma ndiye anakhala ku besi, akuwerenga manotsi omwe anali asanawaonepo. Olivier Messiaen naye, polemba Visions de l'Amen mu 1943 ku Paris, gawo la piyano yoyamba, lodzaza ndi zothamanga ndi zonyezimira, analipereka kwa wophunzira wake Yvonne Loriod wa zaka 19, iye n'kutenga piyano yachiwiri. Anadzakwatirana mu 1961. Aphunzitsi anzanga, tikamaika mwana ku secondo tisamamuuze ngati tam'tsitsa. Liwiro la nyimbo, pedulo ndi maziko onse zili m'manja mwake.

Koma nkhani ziwiri ndizo zinandigwira mtima kuposa zonse.

Yoyamba ndi ya ku Warsaw pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a Germany atalanda Poland, makonsati a anthu a m'dzikomo anatsekedwa, ndipo oimba anathawira m'malo omwera khofi. Anyamata awiri opeka nyimbo, Witold Lutosławski ndi Andrzej Panufnik, anayamba kuimba piyano ziwiri m'malo oterowo kuti apeze chakudya. Popeza orchestra kunalibe, iwo ankatenga nyimbo za orchestra ndi zina zambiri n'kuzikonza kuti zikwane pa piyano ziwiri, mpaka zinafika pafupifupi 200. Mu 1944, pa nthawi yomwe anthu a mu Warsaw anaukira adani awo ndipo mzinda unagumulidwa, pafupifupi zonsezo zinapsa. Inapulumuka imodzi yokha, yomwe Lutosławski anaimanga mu 1941 pa kanyimbo ka Paganini, chifukwa anatuluka nayo mu mzindawo kuukirako kusanayambe. Ku msonkhano kuja oimba ena anatiimbira nyimboyi pa konsati ina. Ndi ya mphindi zochepa, yothamanga, yamasewera, piyano ziwiri zikuponyerana mawu. Ukamamvera sungaganize kuti inalembedwa anthu akugwidwa m'misewu. Nkhondo itatha, njira zawo zinasiyana. Panufnik anathawira ku Britain mu 1954, ndipo boma la chikomyunizimu linaletsa nyimbo zake kwa zaka zambiri. Lutosławski anatsala kwawo. Panufnik anadzapondanso ku Poland mu 1990. Sikuti ubwenzi uliwonse wa pa piyano umakhala mpaka imfa, koma umene uja unawadyetsa ndi kuwasunga amoyo m'maganizo pa zaka zoopsa, ndipo unatisiyira nyimbo.

Yachiwiri ndi ya Cyril Smith ndi Phyllis Sellick a ku England, omwe anakwatirana mu 1937 ndipo ankaimba piyano ziwiri. Mu 1956 ali pa ulendo wokaimba ku Soviet Union, a Smith anadwala sitiroko mu mzinda wa Kharkiv, mkono wawo wamanzere n'kufa. Kwa woimba piyano amenewo ndi mathero. Aloys Kontarsky atadwala matenda omwewo mu 1983, kuimba kwa iye ndi m'bale wake kunathera pomwepo, ndipo palibe angawanene. Koma a Smith ndi mayi Sellick anakhala pansi n'kuyamba kukonzanso nyimbo zawo kuti zikwane pa manja atatu: dzanja lamanja la bambowo ndi manja awiri a mayiwo. Taganizirani ntchito yake. Notsi iliyonse yomwe inali ya dzanja lakufalo inayenera kupezeredwa mwini wina kapena kusiyidwa mwanzeru, ndipo mayiwo anayenera kuiwala zala zomwe anazolowera kwa zaka zambiri. Anabwerera pa nsanja. Opeka nyimbo anayamba kuwalembera zawozawo, ndipo Malcolm Arnold anawalembera concerto ya manja atatu yomwe anaiimba ku makonsati a BBC Proms ku London mu 1969. Anapitiriza mpaka a Smith anamwalira mu 1974. Mayi Sellick akanatha kupitiriza okha, poti anali katswiri mwa iwo okha. Ine ndikuti bambo wotsutsa uja nkhani iyi sanaiyankhe, ndipo sindikuona momwe khutu ndi mwambo pa ntchito zokha zingaifotokozere.

Pa mtsutso uja ena anatchulanso Martha Argerich wa ku Argentina ndi Nelson Freire wa ku Brazil, omwe anakumana ku Vienna mu 1959 ali achinyamata n'kukhala abwenzi, akuimba limodzi nthawi ndi nthawi, mpaka Freire anamwalira mu 2021. Argerich anachepetsa kwambiri kuimba yekha, ndipo chifukwa chomwe amapereka n'chakuti pa nsanja payekha amasungulumwa. Ngati munthu wa luso lotere amamva choncho, nanga mwana wathu wa zaka 12 yemwe timam'kankhira kutsogolo kwa mpingo yekhayekha?

Atandipatsa mpata woyankhula ndinawauza za mangolongondo a kummwera kwa Malawi, omwe amaimbidwa ndi anthu awiri okhala moyang'anizana pa mitengo imodzimodziyo, wina akumenya m'mipata yomwe mnzake wasiya, mpaka nyimbo yomwe ikumveka siikhala m'manja mwa aliyense wa iwo payekha. Ambiri anali asanamvepo ndipo anafunsa mafunso ambiri. Ndikunena izi kuti tisaone ngati kugawana choimbira chimodzi n'chachilendo kwa ana athu. Khutu lake alinalo kale.

Tsopano za ife. Timadandaula kawirikawiri kuti ophunzira ndi ambiri pomwe kiyibodi ndi imodzi. Ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800 zinalinso chimodzimodzi m'nyumba zambiri, ndipo ndi chifukwa chake nyimbo za manja anayi zinachuluka. Kunalibe wailesi, kunalibe malekodi, ndiye munthu akafuna kumva symphony, nyimbo yaikulu ya orchestra, kunyumba kwake ankaitana mnzake n'kukhala pa piyano. Magule a ku Hungary a Brahms, omwe anayamba kutuluka mu 1869, ndi magule a Antonín Dvořák a mu 1878, analembedwa poyamba a manja anayi, za orchestra zinabwera pambuyo. Choncho kiyibodi imodzi pa ana awiri si umphawi wokha, ndi njira yomwe ili ndi nyimbo zakezake zambirimbiri.

Ndinafunsa za makiyibodi athu a makiyi 61, poti kumeneko zonse zinali piyano zazikulu. Yankho linandilimbitsa mtima. Piyano za nthawi ya Mozart zinalinso ndi makiyi 61. Kusiyana kwake n'kwakuti zawo zinkayambira pa F pomwe zathu zimayambira pa C, ndiye manotsi ena apansi kwambiri amasowa, ndipo secondo ayenera kuwakweza ndi octave imodzi (manotsi asanu ndi atatu). Kwa oyamba kumene zimenezo sizivuta. Pali timabuku ta Anton Diabelli momwe gawo la primo limakhala pa manotsi asanu okha, dzanja osasuntha, pomwe secondo akukometsera pansi. Mwana wa miyezi yochepa pa kiyibodi atha kumveka ngati woimba weniweni. Manotsi akale oterewa amapezeka ulere pa intaneti, pa tsamba lotchedwa IMSLP, ndipo ena ndasindikiza kale, ali ndi alembi. Za Schubert ndi Brahms zimafuna makiyi 88, ndiye ngati tidzagule choimbira china, tidzalimbe mtima tigule chotero ngakhale chitadikiritsa.

Pempho langa lalikulu ku komiti ndi lakuti tiyese kuika ophunzira awiriawiri, ndipo awiriwo tisawalekanitse kwa chaka chathunthu, ngakhale atakangana. Kukangana kudzakhalapo ndithu, makamaka miyezi yoyamba, ndipo mphunzitsi asathamangire kuwasintha, aziwathandiza kulankhulana. Azisinthana mipando pa nyimbo iliyonse yatsopano kuti pasakhale wokhazikika kumanja. Tisaike wodziwa kwambiri ndi wongoyamba kumene pofuna kuti wina akoke mnzake, chifukwa pamenepo pamakhala mphunzitsi ndi wophunzira, osati anthu awiri ofanana. Ifenso aphunzitsi tisankhane. N'zosamveka kuuza ana kuti amverane pomwe ife sitinakhalepo pa benchi limodzi. Ine ndalankhula kale ndi mmodzi mwa inu ndipo wavomera, tiyamba ndi sonata ya Mozart ya manja anayi.

Tifunikanso benchi lalitali lolimba. Mipando iwiri ya pulasitiki yokhala ndi mikono siitheka, imatalikitsa anthu ndipo zigongono zimagunda. Kalipentala aliyense atha kutipangira, bola kutalika kwake kugwirizane ndi sitandi ya kiyibodi.

Pali nkhani imodzi yomwe sindingaigamule ndekha. Kuimba manja anayi kumafuna kukhala mothithikana, mapewa kukhudzana, manja kupingasana, kwa maola ambiri. Makolo ena ndi akuluakulu a mipingo yathu adzafunsa akaona mnyamata ndi mtsikana pa benchi limodzi, ndipo funso lawo si lopusa. Maganizo anga ndi akuti ana osakwana zaka 18 tiwaike atsikana okhaokha kapena anyamata okhaokha, kupatula apachibale, ndipo aziyeserera chitseko chili chotsekula, mphunzitsi ali pomwepo. Mphunzitsi akafuna kukhala pa benchi ndi mwana, pakhalenso wamkulu wina m'chipindamo. Akuluakulu asankhane okha. A Wapampando, ndikupempha kuti nkhaniyi, pamodzi ndi ya benchi ndi ya chaka chathunthu ija, muziike pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wathu ukubwerawu, ndipo tiitaneko makolo angapo kuti timve maganizo awo tisanayambe kugawa ana.

Ndine nthumwi yanu.